Woyamba Kuponda Bwalo

Pa maliro a atsibweni anga, a Domingo Nampinga, mnyamata amene anawerenga mbiri yawo ananena bodza limodzi lalikulu, ndipo anthu onse anagwedeza mitu kuvomereza. Anati malemuwa ankakonda mpira kuposa chakudya. Ine ndinayang'ana amayi anga, mlongo wawo wa malemu, amene anakhala pamkeka pafupi ndi bokosi. Amayi anatsonya chapansipansi n'kukonza duku lawo. Pa khamu lonse lija ndife awiri tokha amene tinkadziwa kuti a Domingo mpira sankaufuna n'komwe.

Mnyamatayo sindimuimba mlandu. Anabadwa n'kuwapeza atsibweni ali kale pabwalo la mpira la kwathu ku Majaua, ndipo anakula akuwaona pomwepo Loweruka lililonse la masewera, kaya kugwe mvula kaya kuwombe dzuwa loswa mtengo. Munthu wosajomba chotero ungamuganizire chiyani? Koma mukanawafunsa madzulo kuti wagoletsa ndani, akanakuuzani kuti mukafunse amene amaonera. Malamulo a mpira anafa osawadziwa. Za ofusayidi ankati ndi zopeka za oimbira mpira akafuna kupumako. Kwa iwo mpira kunali kuthamangitsa chikumba kwa anthu a ndevu zawo, nandolo akuthetheka m'munda.

Chimene ankadzera pabwalopo chinali china. Ankafika anthu asanachuluke, n'kutsamiritsa njinga pa mtengo wa mango. Ankavula nsapato zawo za matayala n'kuziika pamwamba pa mwala wina umene kale unapakidwa penti yoyera. Kenako ankayamba kuyenda. Kuchokera ku golo la kumadzulo kukafika ku la kum'mawa, kutembenuka, kubwerera, mizere yoyandikana ngati munthu wobzala nyemba, manja kumbuyo, maso pansi. Osewera ankadikira kunja kwa mzere, ena akudumphadumpha, ena akung'ung'udza. Akamaliza ankaima pakati pa bwalo, kukweza dzanja limodzi n'kufuula mawu amodzi okha: "Pondani!" Apo mpamene anyamata ankalowa. Iwo ankapita kukakhala pa mwala wawo uja, ndipo mpaka masewera kutha maso awo ankakhala pa mapazi a anthu. Mpira ukakwera m'mwamba, anthu onse n'kuutsatira ndi maso, mutu wa a Domingo wokha ndiwo unkatsala wozyolika.

Anali munthu wamfupi, wamatewe, wa dazi lonyezimira pa liwombo penipeni. Ankatukwana m'Chilomwe, kupemphera m'Chinyanja, ndipo Chipwitikizi ankachisungira anthu aboma akafuna kukangana nawo. Pamutu sankasenza kanthu. Ngakhale mtolo wa udzu wofolerera ankaukumbatira pamimba n'kumayenda chopenderera, akazi akuwaseka m'njira. Thumba la nandolo lopita ku malire a Muloza ankalimangirira panjinga, ndipo njinga ikaphwa ankalolera kulikoka pansi. Ana a abale sankawanyamula paphewa monga amachitira amuna ena. Ndili mwana ndinkayesa kuti amasamala dazi lawolo.

Mikangano ndiye sinkawasowa. Ana okumba mbewa m'mphepete mwa bwalo ankawathamangitsa ndi ndodo mpaka kumakomo kwawo, n'kukayambananso ndi amayi a anawo. Dothi lofukulidwa kumene linkawasowetsa mtendere, ngakhale litakhala la mfuko. Ankagwada n'kulipalasa ndi zala pang'onopang'ono mpaka ataona dzenje lake. Chaka china anthu a kampeni atabweretsa magolo achitsulo, anyamata anafika ndi makasu kuti akumbe maenje. Atsibweni anawalanda makasuwo. Anakumba okha ndi chikwanje chakutha ndi manja, tsiku lonse, anyamata atakhala pamthunzi akutafuna nzimbe.

Mkangano umene anthu amausimbabe ndi wa woimbira mpira wina wochokera ku vila, tauni ya Milange, bambo wa wotchi yonyezimira, amene sankawadziwa.

"Madala, tulukani m'bwalomo, ora yakwana. Ife galimoto ikutidikira."

Atsibweni anapitiriza kuyenda. "Ora yanuyo ili ndi miyendo?"

"Mukuti chiyani, madala?"

"Ndikuti anawa abwera ndi miyendo iwiriiwiri. Ndikufuna abwerere nayo kwa amayi awo. Inu imbani wezulo yanuyo, tione amene alowe."

Bamboyo anaimba wezulo mwamphamvu. Palibe analowa, ngakhale alendo amene anabwera nawo pagalimoto imodzi. Anaima pomwepo wotchi ili m'manja mpaka atsibweni atamaliza mzere womaliza.

Ana a masiku ano ankati ndi zamankhwala, kuti madalawa amatsirika bwalo kuti timu ya kwathu isagonje. Koma timu ya kwathu inkagonja kawirikawiri, moti akanakhala mankhwala bwenzi sing'anga wake atathamangitsidwa kalekale. Chiyambi cha kuyendako ine ndikuchidziwa bwino, chifukwa chinayambira pa mapazi anga.

Nkhondo itafika kwathu ine ndinali kumsana. Amayi ndi bambo anawoloka nane Ruo kupita ku msasa wa othawa nkhondo ku Malawi, kumene bambo anakamwalira ndisanawadziwe. Atsibweni anatsala chifukwa cha agogo, amayi awo, amene miyendo inali itawakana. Asilikali a kutchire anawagwira n'kuwasandutsa wosenza katundu. Mtendere utabwera, ife titabwerera, tinawapeza ataonda ngati bango, agogo atamwalira, iwo atawaika okha kuseri kwa nyumba. Zaka zimenezo mudzi unali wogawanika. Obwerera ankati otsala ankadya mbale imodzi ndi asilikali. Otsala ankati obwerera ananenepa ndi ufa wachithandizo anzawo akudya zikhawo. Onse ankapemphera tchalitchi chimodzi, koma ukalowa unkadziwa kuti uyu ndi wa mbali iti.

Kenako kunabwera anthu ochotsa mabomba okwirira, ovala zipewa zagalasi kumaso. Anasonkhanitsa mudzi n'kufunsa ngati alipo wodziwa malo oopsa. Anthu onse anaweramitsa mitu. Atsibweni anaimirira. Anati asilikali atamanga msasa pasukulu, iwo anasenza bokosi la mabomba kukalitula pabwalo la mpira, ndipo anaona anthu akukumba. Anawatsogolera n'kuwalozera. Alendo aja anazunguliza bwalo ndi miyala yofiira, n'kuyamba kukwawa ndi zitsulo zawo. Anafukula zimene anafukula, anaziphulitsa kudambo mudzi wonse ukunjenjemera, kenako miyala ija anaipaka penti yoyera, nati malo ayera, n'kupita.

Atsibweni ankayesa kuti achita chabwino. Mudzi unaona china. Anthu anati wodziwa pamene pali chinthu ndi amene anachiika. M'tchalitchi benchi lawo linayamba kukhala lopanda anthu. Pa mowa wolimitsa chipanda chinkawadumpha. Mkazi amene ankafuna kumukwatira, abale ake anabweza mawu. Pamaliro akagwira khasu lokumbira manda, wina ankabwera kudzawalandira asanatope n'komwe. Iwo ndiwo anali mwini mbumba yathu, woyenera kutilankhulira pa milandu ndi pa maukwati, koma akatsegula pakamwa akuluakulu ankayang'ana kumbali. Kunamvekanso mphekesera zoti angowapempha asamuke. Amayi okha ndiwo ankawayankhira kuchitsime, nati achimwene awo sanaphepo ndi nkhuku ya mwini yomwe.

Bwalo lija, ngakhale miyala inayera, palibe analipondapo. Ana asukulu ankalizungulira. Udzu utakula, atsibweni anautchetcha okha, m'mawa uliwonse, chilimwe chonse. Odutsa mumsewu ankaima n'kumanong'onezana kuti amadziwa polambalala.

Chilimwe chimenecho akuluakulu aboma anakonza mpikisano wa chikho wa matimu a m'boma lonse, kuti anthu aiwaleko nkhondo. Maere anagwa kuti timu ya ku vila ibwere kwathu. Malo athyathyathya okwanira mpira weniweni analipo amodzi okha, bwalo la pasukulu. Aphunzitsi aakulu anavomera, poti aboma anali atanena kale kuti malowo ndi abwino.

Ine ndinali pa msinkhu wosenza kandowa kakang'ono, ndipo mpira wachikumba ndinali ndisanauonepo. Ndinkangodziwa wa mapepala womanga ndi luzi. Amayi anati mwana wamkazi alibe chake ku mpira. Anandisiya ndikuingitsa nkhuku pa nandolo amene anayanika, iwo n'kunyamula dengu la zitumbuwa kukagulitsa. Ndikulira pakhonde, atsibweni anatulukira ndi njinga.

"Lusiya, ukulira chiyani? Kwera apa. Tiye ukaone tasa."

Tasa ndicho chikho chija. Ndinakwera pakaliyala misozi isanaume, nkhuku n'kuzisiyira phwando. Mpaka lero sindidziwa ngati ananditenga chifukwa chondimvera chisoni, kapena anali ataganiziratu zimene zikubwera. Funso limenelo lokha ndiye sindinalimbe mtima kuwafunsa.

Anthu ochuluka chotero ndinali nditawaona pa tsiku lolandira ufa ku msasa basi. Koma awa anali osangalala. Kunali ng'oma, kunali nthungululu, anyamata atakwera m'mitengo ya mango mpaka nthambi kuwerama. Lole ya ku vila inafika ikuimba hutala, osewera ake atavala zofiira zofanana, ndi nsapato za mano kunsi. Athu anavala malaya a pakaunjika amene anawanyika mu utoto umodzi, ena n'kutuluka obiriwira, ena otuwa, ndipo ambiri anali opanda nsapato. Chikho anachikhazika patebulo la sukulu loyalidwa chitenje. Chinali ndi makutu awiri, ndipo atsibweni atandikankhira kutsogolo ndinadziona nkhope yanga m'menemo, yaitali ngati ya mbuzi. Ndinaseka ndekha.

Patapita kanthawi ndinazindikira kuti china chake sichili bwino. Khamu lonse linali litapanikizana mumsewu ndi pansi pa mitengo, kuseri kwa miyala yoyera, pamene pakati panali bwalo lalikulu lopanda ndi galu yemwe. Alendo anali atamva kale nkhani ya malowo kwa ogulitsa nzimbe. Mtsogoleri wawo anapinda manja, nati iwo abwera ku jogu, kudzasewera mpira, sanabwere kudzasiya miyendo. Athu nawo ankangoyang'anana. Aphunzitsi aakulu analankhula Chipwitikizi chambiri, thukuta lili chuchuchu, koma nawonso ankalankhulira kunja kwa miyala. Mkulu wa ku boma anati ngati zili chonchi, masewera akachitikira ku vila, ndipo bwaloli lisiyidwe limere tchire.

Apo atsibweni anandisiya dzanja. Anavula nsapato, kuziika pa mwala umene unali pafupi, n'kulowa. Ng'oma zinaleka. Anayenda mzere ndi mzere, anthu onse ali chete, mpaka anamaliza. Anaima pakati n'kufuula, "Pondani!"

Palibe anasuntha. Amene anayankha ndi a Matiyasi, bambo amene mwendo wawo unatsala panjira ya kudimba chaka chimene tinabwerera. Anatsamira ndodo yawo n'kukweza mawu kuti aliyense amve.

"Domingo, ife si ana ayi. Wotchera msampha sakodwamo yekha. Iwe ukudziwa poponda."

Khamu linavomereza chapansipansi. Atsibweni anaima pakati paja nthawi yaitali, okhaokha, dazi likunyezimira padzuwa. Ndikakumbukira tsopano, sindinaonepo munthu wosungulumwa ngati mmene analili pamenepo. Kenako anabwera patebulo, kutenga mpira woimbira asanawaletse, n'kudzanjuta patsogolo panga.

"Lusiya, umatha kuthamanga?"

"Ndimatha."

"Uumenye mpirawu. Kumene upite, iwenso komweko. Usayang'ane ine."

Anaimirira, dzanja lili paphewa panga, n'kutembenukira kwa anthu. "Uyu mukumudziwa. Ndi mwana wa mlongo wanga Nasitaziya. Mbumba yanga ndi imeneyi, ina ndilibe. Mwati ine ndikudziwa poponda. Chabwino. Mpirawu sudziwa."

Kwathu kuno mwamuna ana obereka yekha amakhala a kwa mkazi wake. Magazi ake enieni, amene adzamuike m'manda ndi kutchula dzina lake, ndi ana a mlongo wake. Aliyense pabwalopo anamva kulemera kwa mawuwo, kupatula ine. Ine ndinangoona mpira wachikumba weniweni uli pamapazi anga.

Ndinaumenya ndi chala chachikulu, chala n'kuwawa, mpira n'kugubuduka chokhota. Ndinauthamangira. Za mabomba ndinkazidziwa, tinkaziimba ndi kusukulu komwe, koma atsibweni anali atanena kuti thamanga, ndiye mantha akanachokera kuti? Ziputu za udzu zinkandibaya, diresi likuuluka. Mpira unapita kungodya, ine komweko. Unabwerera pakati, unalowera ku golo la kum'mawa, ine pambuyo pake. Kunali zii, moti ndinkamva kugunda kwa mpira ndi kupuma kwanga. Ndinkayesa kuti anthu onsewo akhala chete pogoma ndi luso langa. Ndinene zoona, chisangalalo ngati chimenecho sindinachimvenso, ngakhale pa ukwati wanga.

Chimene chinaswa bata ndi kukuwa kwa amayi. Iwo anali tsidya lina, mbali ya kumsewu, ndipo poyamba sanaone chifukwa cha misana ya anthu. Atazindikira diresi langa anakankha amuna akuluakulu, dengu n'kugwa, zitumbuwa n'kumwazikira m'kati mwa miyala. Sanazungulire, sanayang'ane pansi. Anadutsa pakati penipeni pa bwalo limene ankandiletsa ngakhale kuliloza ndi chala. Anandigwira, kundipapasa miyendo yonse iwiri kuyambira m'chiuno mpaka kuzala, n'kundikokera kumene kunaima atsibweni. Anawamenya khofi limene linamveka mpaka m'mitengo ya mango.

"Mwana wanga wasanduka mbuzi yoyesera msampha? Ndinawoloka naye Ruo ali kumsana kuti mudzandiphere inu?"

Mkazi kumenya mwini mbumba pagulu ndi zinthu zosamveka. Atsibweni sanakweze dzanja, ngakhale kugwira tsaya. Anangoyang'ana pansi.

Ana ndiwo anayamba. Anaona zitumbuwa zili mbwee pa udzu, njala n'kuposa mantha, anathamangira kukatola. Amayi awo anawatsatira kukawakoka, osazindikira kuti nawonso alowa. Kenako a Matiyasi anadumpha mwala ndi ndodo yawo, nati iwo atsala ndi mwendo umodzi, bomba likaufuna liutenge lifananitse. Anthu anaphulika ndi phwete, kuseka kwa anthu amene agwira mpweya nthawi yaitali. Ng'oma zinayambanso. Posakhalitsa woimbira mpira anali pa ntchito yothamangitsa anthu m'bwalo lomwe lija ankakana kulowamo.

Amayi anafuna kunditengera kunyumba, koma sanafike nane patali. Anakhala pansi m'mphepete mwa mzere atandigwira pamkono, ndipo sanandisiye mpaka masewera kutha. Ndi mmene ndinaonera mpira wanga woyamba wa chikho, mkono ukuwawa. Ndikukumbukira fumbi lofiira, ndi goloboyi wathu wovala kapu ya nsanza amene ankadziponya ngati alibe mafupa. Ndikukumbukira chigoli chathu chimodzi, chimene anagoletsa mnyamata wopanda nsapato, akazi n'kukhamukira m'bwalo akukupiza zitenje, obwerera ndi otsala omwe, osasankhana. A ku vila anatigonjetsa ndithu, ndipo chikho chinakweranso lole. Atsibweni sanaone chilichonse cha zimenezi. Anakhala pa mwala paja panali nsapato zawo, maso ali pa mapazi a osewera, milomo ikugwedera.

Kuyambira tsiku limenelo mudzi unawabwerera. A Matiyasi anawapatsa fodya madzulo omwewo. Chipanda chinasiya kuwadumpha, benchi linadzaza, ndipo m'kupita kwa zaka anakhala nkhoswe ya mabanja ambiri, ngakhale iwo sanakwatire. Za kusamuka sizinamvekenso. Koma amayi anga, amene ankawayankhira okha kuchitsime, anasiya kuwapatsa moni. Mawu oti achimwene anatha pakamwa pawo. Akafuna kuwatchula ankangoti awo a kubwalo. Chibale ndi fupa, sichiwola, choncho chakudya ankawapakulirabe, koma mbale ndinkapititsa ndine. Atsibweni nawo chimanga choyamba kucha ankachisiya pakhonde pathu mwakachetechete. Nyumba zawo zinali zoyang'anana, nkhuku zawo zinkadyera pamodzi, eni ake ayi. Pa ukwati wanga atsibweni analankhula ngati nkhoswe, amayi atawafulatira. Ndinkawaona amayi ngati ouma mtima. Ndinkati, kodi si ine ndili pano ndi miyendo yanga yonse?

Chaka chathachi atsibweni anayamba kutupa miyendo. Ankapitabe kubwalo, mnyamata wina atawakweza panjinga, ndipo kuyenda kumene kale kunkatha anthu akusonkhana kunayamba kuchedwetsa masewera mpaka dzuwa kupendeka. Osewera ankadikirabe. Atagoneratu, amayi ndiwo ankawadwazika. Ankawaphikira, kuwachapira, kuwatembenuza, zonsezi popanda moni.

Ndinachoka ku vila, kumene ndimasoka zovala pafupi ndi msika, kukawaona ndi mwana wanga wamng'ono, Roza. Anali atawagoneka pakhonde kuti awothe dzuwa. Roza ankasewera pabwalo la nyumba, ndipo ndinaona kuti maso a atsibweni ali pa mapazi ake. Mwina n'chifukwa chake funso limene ndinakhala nalo zaka zambiri linatuluka lokha.

"Atsibweni, tsiku lija la tasa, munali otsimikiza kuti mabomba anatha?"

Anachotsa maso pa Roza. Kenako anakweza dzanja n'kugwira dazi lawo.

"Bokosi lija ndinalisenza apa, Lusiya. Wosenza saona za m'kati. Anali angati, sindidziwa. Anakwirira angati, sindidziwa. Aja a zipewa zagalasi anati atha. Inenso ndinali nditaponda paliponse chilimwe chonse. Mutu unkati atha. M'mimba ndimo simunavomere."

"Nanga munanditumiziranji?"

"Ndinali nditatopa kudya ndekha."

Ndinayembekezera kuti anena za mudzi, za ana asukulu, za mtendere. Sanatero. Ndinamva mkwiyo ukukwera, mkwiyo wa amayi uja umene ndinkaudabwa, ndipo pamodzi nawo chisoni choti ndinasowa poyang'ana. Ndinaitana Roza kuti adzakhale pamiyendo panga.

"Tsiku limene lija kwa ine silinade," anapitiriza. "Loweruka lililonse ndimapita kubwaloko kuti likakhalapo bomba lotsala, lipeze ine. Linayenera kupeza ine."

Amayi anali ataima pakhomo ndi bakuli la phala. Sindidziwa kuti anafika nthawi yanji, koma nkhope yawo inaonetsa kuti amva zonse. Anabwera, kugwada, kuwadzutsa mutu n'kuutsamiritsa pa mkono wawo.

"Imwani lisanazizire, achimwene."

Atsibweni anamwa. Ine ndinanamizira kuti ndikumuchotsa Roza chitsotso m'tsitsi. Anamwalira mvula zoyamba zisanagwe.

Loweruka lotsatira maliro kunali masewera a chikho cha masukulu. Amayi anandidabwitsa, anati tiyeni tikaone. Chichitikire za khofi zija anali asanapondeko kubwaloko. Tinakaima pansi pa mango, Roza ali pakati pathu.

Miyala ya anthu ochotsa mabomba inatha kalekale, anthu anakapangira mafuwa ndi maziko a nyumba. Unatsala umodzi wokha, penti yake itasuluka, pamwamba pake posalala chifukwa chokhalidwa. Patsogolo pake pali timaenje tiwiri tosaya, pamene zidendene zawo zinkatsamira. Anthu anadzaza paliponse, ena kukhala pa njinga, ena pansi, koma pa mwalawo palibe anakhalapo.

Matimu onse awiri anafika pamzere n'kuima. Palibe anawauza. Anali ana obadwa nkhondo itaiwalika, ena sadziwa n'komwe kuti pamalopo panali chiyani, koma anaima manja ali m'chiuno, akuyang'ana bwalo lopanda munthu. Woimbira mpira anaika wezulo pakamwa, kenako n'kuichotsa. Mpira wina woyeserera unapulumuka n'kugubudukira pakati. Ndisanazindikire, Roza anali atasolola dzanja lake m'dzanja langa, akuthamangira mpirawo, kadiresi kakuuluka.

Ndikudziwa kuti bwalo limenelo lapondedwa ndi mapazi osawerengeka. Ndikudziwa kuti palibe chilipo. Koma maso anga anakakamira pa mapazi ake, ndipo ndinamva zala za amayi zikundikanikiza pamkono, pomwe paja anandigwira ndili mwana. Anthu anaseka, osewera analowa akumuombera m'manja Roza, wezulo inalira. Palibe anafuula kuti pondani.

Masewera onse ndinaima pambali pa mwala wopanda munthuwo. Madzulo nditafika ku vila, mwamuna wanga anandifunsa kuti wapambana ndani. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe, n'kupeza kuti ndangokumbukira mapazi okhaokha. Ndinamuuza kuti akafunse amene amaonera.